Ndinawakha Ukwati ku China

Mpaka lero ndikamadutsa pamsika wa pa Boma ku Mchinji, pamzere wa amayi ogulitsa zitenje paja, sipalephera wina wondikuwa kuti, "Akamwini a ku China, mwadzuka bwanji?" Ine ndimangokweza dzanja n'kupalasa njinga mwamphamvu. Kale ndinkaima n'kumadzifotokozera, koma ndinaona kuti kufotokozako n'kumene kumawawonjezera mafuta. Ndiye lero ndati ndiinene ndekha nkhaniyi, kuchokera kumutu mpaka kumchira, kuti wofuna kuseka aseke zenizeni, osati zothira mchere za mumsika.

Poyamba mudziwe matenda anga. Ine ndine goloboyi. Ntchito yondidyetsa ndi ulangizi wa zaulimi, ndimayendera alimi a mtedza cha ku Guilleme kuno, koma pagolo ndinayamba kuimapo ndili kupulayimale. Anzanga ananditcha Ulimbo. Chinthu chikangodutsa m'mwamba pafupi ndi ine, manja amanyamuka okha, mutu n'kumva pambuyo. Ndinawakhapo chipewa cha bambo mfumu chitauluka ndi mphepo pa mapemphero a panja. Ndinawakhapo nkhuku imene inkathawa mpeni. (Ndinawakhaponso mwala umene ana ankagendera mango, koma imeneyo ndi nkhani yakuchipatala, tiisiye.)

Chaka chimenecho kuntchito anandisankha kuti ndipite ku China kukaphunzira kasungidwe ka mbewu kuti zisamachite chuku. Ulendowu unagwa pa nthawi yoti chinkhoswe changa ndi Tiyamike chayandikira. Tiyamike ndi mphunzitsi wa ku Kapondo, ndipo ndi amene amamwetsa zigoli mu timu ya ntchemberembaye ya kumeneko. Kuti andilole ndinatha nsapato. Kuti abale ake andilole ndinatha matayala a njinga, makamaka chifukwa cha azakhali ake, a Nabanda, omwe amagulitsa zitenje pa Boma. Iwowa ankanena poyera kuti mwamuna wamkulu wodzigwetsa m'fumbi Loweruka lililonse sangasunge banja.

Tsiku lonyamuka Tiyamike anabwera pamalo okwerera maminibasi a ku Lilongwe atanyamula chigubu chapulasitiki cha chivindikiro chobiriwira. Munali mtedza wa chalimbana wa m'munda mwake, wosankha umodziumodzi, wokazinga ndi mchere.

"Kamba wanu uyu," anatero. "Musagawireko aliyense. Mukandisowa muzidya pang'onopang'ono."

Ndinalonjeza dzanja lili pamtima, kondakitala akumva.

Kusukulu kuja anandiika chipinda chimodzi ndi mlangizi mnzanga wa ku Zambia, a Zulu a ku Chipata. Kwathu ndi kwawo n'kongodumpha malire, choncho sipanatenge nthawi tisanayambe kufufuzana za abale. Tinapeza kuti mlongo wawo ndi amene amapikulitsa zitenje kwa a Nabanda. Tinaseka, tinagwirana chanza kuti dziko ndi laling'ono. Ndikanadziwa ndikanapempha chipinda china tsiku lomwelo.

Maphunziro atatha tinali ndi masiku ochepa tsiku la ndege yathu lisanakwane. Ine ndinkafuna kugona basi, koma a Zulu anakana.

"Iwe mudala, tizankala chabe mu hotela monga nkuku zodwala? Tiye tikaone tauni yakudala. Bakamba ati ili na chipupa chikulu maningi."

Tinagula zikwama zobereka kumsana ngati za azungu oyendayenda aja, zazingwe zambirimbiri zosadziwika ntchito yake. M'changa ndinalongedzamo malaya, msuwachi, ndi chigubu chija, chomwe chinali chidakali pafupifupi chodzaza chifukwa ndinkachidya mwaulemu monga anandiuzira mwiniwake. Tinakwera sitima yapamtunda mpaka tawuni yotchedwa Pingyao.

Abale, ndisaname, ndinakondwa. Ife timanyadira kuti Mchinji kale inkatchedwa Fort Manning, koma chibadwire ine sindinalionepo lingalo. Kumeneko linga lilipo, ndipo ndi linga. Njerwa zotuwa, zosanjikizana mpaka khosi kuwawa poyang'ana, kuzungulira tawuni yonse. Pamwamba pake pali msewu woti ngolo ziwiri n'kudutsana bwinobwino eni ake akupatsana moni. Tinayenda pamwambapo zikwama zili kumsana, mphepo ikutiwomba, pansi madenga akale a matailosi ali mbwee mpaka uko. A Zulu ankajambula chilichonse. Ine maganizo anali pa uvuni: njerwa zonsezi anawotcha ndani, nanga nkhuni anazitenga kuti? Ndinaganizanso kuti dimba lokhala ndi mpanda wotere, mbuzi za a neba zingangofa ndi mtima.

M'kati mwa linga misewu ndi yopapatiza, yoyala miyala, pakhomo lililonse pakulendewera nyali zofiira. Paliponse pankanunkhira viniga, amene amamusunga m'mitsuko ikuluikulu yoti munthu n'kubisalamo. Ogulitsa ankatiitana kuti tilawe, ndipo tinalawa mpaka mano kuyayamira. Gogo wina wamwamuna anandigwira pamkono n'kundiimika pambali pake kuti mkazi wake atijambule, kenako anasinthana, kenako anaitananso anzawo. Kumalo kumene tinafikira bedi lake linali la njerwa, lokhala ndi ng'anjo pansi pake. Ndinagona motentha ngati fodya m'balani, ndipo ndinadzuka ndili munthu watsopano.

Tsiku lachiwiri, chakumasana, tinamva ng'oma ndi zitoliro. Munthu wa ku Mchinji akamva ng'oma safunsa, amalondola. Tinalowa pachipata cha nyumba ina yakale, yomwe ankati inali ya munthu wolemera. Pachipatapo panali chikwangwani cha zilembo zawo ndi Chingerezi pang'ono m'munsi. A Zulu anaima n'kuwerenga. Ine ndinangodutsa, chifukwa ndinali nditaona kale khamu la anthu m'bwalo, onse atayang'ana kumwamba.

Pakhonde la nyumba yosanja panaima bambo wina wa ndevu zazitali, atavala mkanjo wonyezimira, akulankhula mokweza. Pambali pake panali mtsikana wovala zofiira zokhazokha, m'manja atanyamula mpira wansalu wofiira, wokhala ndi mphonje ndi timabelu. Anaulozetsa kumanzere, anthu n'kukhamukira kumanzere. Anaulozetsa kumanja, anthu n'kukhamukira kumanja. Ine mawondo anapindika okha. Zimenezi ndinkazidziwa bwino, ndi mmene amachitira womenya penate.

Anauponya.

Sunali n'kubwera kwa ine mpirawo, ndivomere. Unkapita kwa mnyamata wina wa magalasi amene anali atatambasula kale manja. Koma ndinangozindikira ndili m'malere, chikwama chili kumsana, ndadutsa pamwamba pa mapewa a anthu awiri. Ndinauwakha ndi manja onse, ndinaukumbatira pachifuwa, n'kugubuduka nawo pamiyala monga anatiphunzitsira. Nditadzuka bwalo lonse linali likuwomba m'manja. (M'moyo wanga wonse wa pagolo sindinawomberedwepo m'manja chotero. Ku Guilleme ukagwira mpira amangoti ndi ntchito yako.)

Anyamata awiri anabwera n'kundigwira mikono mwaulemu, kupita nane kutsogolo. Anandiveka mkanjo wofiira pamwamba pa chikwama chomwecho, moti ndinkaoneka ngati ndili ndi linunda. Anandiveka chisoti chokhala ndi mapiko awiri, n'kundimanga chiduwa chachikulu chansalu pachifuwa. Ine mtima unali mbee. Ndinati anthu awa amadziwa kulemekeza luso. Ndinakweza mpira uja m'mwamba, ndinavinako pang'ono, ndinaloza a Zulu kuti ajambule bwino. Iwo ankajambuladi, koma foni inkagwedera chifukwa cha kuseka, ndipo ine ndinkayesa ndi nsanje.

Kenako ng'oma zinasintha kamvekedwe. Amayi awiri anatulukira akutsogolera munthu wophimbidwa nsalu yofiira kumutu mpaka m'mapewa, akuyenda pang'onopang'ono, n'kudzamuimika pambali panga.

Apa ndinaleka kuvina. Chitchaina sindichimva, koma zoti munthu amuphimbe nsalu kumutu n'kumubweretsa kwa mwamuna anthu akululutira, zimenezo kwathu tikuzidziwa. Ndi zimene ndinkaziyembekezera ku Kapondo. Ndisanaganize kawiri, bambo wa ndevu uja anakuwa mawu ena, anyamata aja n'kundiweramitsa kuyang'ana kubwalo. Anakuwanso, anandiweramitsa kuyang'ana kwa iye. Anakuwa kachitatu, ananditembenuza, ndinawerama, wophimbidwa uja nayenso n'kuwerama, mitu yathu kutsala pang'ono kugundana.

Kutsogolo kwa khamulo kunali mtsikana wina wasukulu wolankhula Chingerezi. Ndinamufunsa chapansipansi kuti chikuchitika n'chiyani.

"Mwakwatira!" anayankha mosangalala. "Amene wagwira mpira ndiye mkamwini. Zabwino zonse!"

Munthu wanzeru akanayang'ana uku ndi uku n'kuona kuti aliyense ali ndi tikiti m'manja. Ine ndinaona bambo, mwana wake wamkazi, ndi mudzi wonse ukuchitira umboni. Ndinaganiza za Tiyamike. Ndinaganiza zothawa, koma tawuni yake ndi yozunguliridwa ndi linga, ndipo ndinali nditaona ndi maso anga kutalika kwake. Komanso ine ndinaleredwa. Kwathu ukalakwira khomo la eni suthawa. Umagwada, umapepesa, ndipo supepesa chimanjamanja. Nkhuku ndinalibe. Ndinapisa dzanja pansi pa mkanjo, ndinalimbana ndi zingwe zija mpaka chikwama chinatseguka, ndipo chimene dzanja linapeza ndi chigubu cha chivindikiro chobiriwira.

Ndinagwada pamaso pa bambo wa ndevu uja. Ndinawomba m'manja mwaulemu. Ndinayankhula m'Chichewa chenicheni, chifukwa Chingerezi chinali chitathawa.

"Bambo, ndalakwa. Mwana wanuyu ndi wabwino, alibe chilema, koma ine ndili naye kale wina ku Kapondo. Komanso zinthu izi sizichitika popanda ankhoswe. Landirani kangachepeka, nkhaniyi ithere pompano."

Ndinapereka chigubucho ndi manja awiri. Bamboyo anachitsegula, anasuzumiramo, maso n'kutuluka. Anatapa mtedza n'kuukweza m'mwamba kuti onse aone. Bwalo linaphulika. Oimba zitoliro anachita kuimirira. Amayi ena ankapukuta misozi ya chimwemwe. Ine ndinati basi, chipepeso chalandiridwa, anthu awa ndi omva.

"Mwadziwa bwanji mwambo wathu?" anafunsa mtsikana wasukulu uja akudumphadumpha. "Kuno mtedza pa ukwati ndiye kuti mukupempha kuti mubereke ana ambiri, aamuna ndi aakazi omwe!"

Ndinakhala pansi pomwepo, chisoti chili pambali.

Ng'oma zitaleka, anthu anayamba kubalalika. Mkazi wanga watsopano anavula nsalu kumutu, anatulutsa foni m'thumba la mkanjo n'kuyamba kuwerenga mauthenga. Apongozi anga anamatula ndevu zawo n'kuzipachika pamsomali. Apa m'pamene a Zulu anabwera, akupukuta m'maso.

"Mudala, ni sewelo chabe! Chinalembewa pa geti paja. Bamachita kangati pa siku, kusangalasa balendo."

"Ndiye osandiuza bwanji?"

"Nikuuze? Na mwamene unambululukila muja? Olo ndeke siichita so."

Mpumulo umene ndinaumva sindingathe kuufotokoza. Ndinaseka mpaka nthiti kuwawa. Apongozi opanda ndevu aja, mkwatibwi, oimba zitoliro, tonse tinakhala pamasitepe n'kumadya mtedza wa Tiyamike. Mkwatibwi anafunsa kudzera mwa wasukulu uja kuti mtedza waukulu chonchi umachokera kuti. Funso limenelo salifunsa kwa mlangizi wa ku Mchinji. Ndinaimirira ndi mkanjo wanga womwewo n'kuwaphunzitsa za chalimbana, kabzalidwe kake, dothi lake, ndi kaumitsidwe kake. Anandimvetsera kuposa alimi anga. Pomaliza phunzirolo chigubu chinali mbee.

Tili pamalo ena odyera, ndikulimbana ndi timitengo tawo todyera tija, foni yanga inalira. Anali amalume, omwe ndi nkhoswe yanga. Ku China kuja dzuwa linali litapendeka, koma kumudzi anthu anali akuyala kumene malonda.

"Mphwanga," anatero amalume modekha kwambiri, ndipo akadekha chotero ndiye kuti zinthu zavuta. "Ukwati wa ku Chinawo, nkhoswe yake ndani? Chifukwa ine sindinauzidwe."

Ndinayang'ana a Zulu. Iwo anayang'ana m'mbale.

"Nenze nifuna chabe sisita aseke," ananong'ona.

Vidiyo ija inachoka ku Pingyao kupita kwa mlongo wawo ku Chipata. Kuchoka ku Chipata inadumpha malire popanda chiphaso, n'kukatera m'foni ya a Nabanda pamzere wa zitenje. A Nabanda anaitseka bizinesi, anakwera kabaza, n'kukawapeza amalume kudimba. Ndinamva foni ikulandidwa.

"Bambo inu," anatero a Nabanda. "Taona kuwerama, taona kugwada, taona kuvina. Mwana wathu sanaphunzire kuti akakhale mkazi wachiwiri. Za chinkhoswe ziyambe zaima."

"Azakhali, linali sewero chabe..."

"Sewero? Munthu kugwada pamiyala, kutchula Kapondo, sewero? Ndipo musanditche azakhali. Azakhali anu ali konko."

Anadula. Ndinaimbira Tiyamike, sanayankhe. Ndinaimbanso, sanayankhe. Patapita kanthawi kunabwera uthenga wa mawu awiri okha: "Chigubucho ndachizindikira."

Apa ndiye kuseka konse kunatha. Za mkanjo ndi chisoti ndikanatha kuzifotokoza. Koma mtedza uja anausankha yekha, anaukazinga yekha, ndipo anandipempha chinthu chimodzi chokha. Mtima unandiwawa zedi, ndipo ndinachita mantha kuti mkazi amene ndinamuvutikira chotere ndamutaya chifukwa cha mpira wa timabelu.

A Zulu, pofuna kukonza zimene anawononga, anabwera ndi nzeru. Anati tibwerere ku nyumba ija tikajambule sewero lotsatira, a ku Kapondo aone okha mtsikana yemweyo akukwatiwa ndi mwamuna wina. Nzeru yabwino. Tinabwerera, ndinaima kumbuyo kwenikweni kwa khamu, kutsamira khoma, foni ili kudzanja lamanzere. Apongozi anali atamatanso ndevu. Mtsikana analozetsa kumanzere, analozetsa kumanja, anaponya. Anthu akutsogolo anaulimbirana, wina anaugunda ndi nsonga za zala, mpira n'kunjanja kulunjika kukhoma.

Vidiyo imeneyo ndikadali nayo, koma sindionetsa munthu. Imaonetsa khonde, imaonetsa mpira ukubwera, kenako dzanja lamanja la munthu wakuda likutulukira pakona n'kuuwakha bwinobwino. Kenako mumamveka mawu a a Zulu akuti, "Mayo ine, futi!"

Apongozi anayang'ana pansi kuchokera pakhonde paja, anandizindikira, anagwira ndevu kuti zisagwe ndi kuseka. Anandikodola kuti ndiubweze mpirawo, ndipo ndinaubweza mutu uli pansi. Pa ulendo wachitatu a Zulu sanafune zocheza. Anandimanga mikono kumbuyo ndi zingwe za chikwama changa chomwe. (Apa m'pamene ndinadziwira ntchito ya zingwe zija.) Mpira unagwidwa ndi bambo wina wadazi, wonenepa, mkazi wake weniweni ali pambali akumujambula n'kumamulimbikitsa. Imeneyo ndiyo tinatumiza kumudzi.

Tisanachoke, mkwatibwi uja anamva nkhani yonse kwa wasukulu. Anaseka, kenako anaoneka wachisoni. Anatenga chigubu chopanda kanthu chija, anapita nacho kuseri, n'kubwera nacho chodzaza ndi zipatso zofiira zouma, zonga masawu koma zazikulu ngati chala chachikulu. Anati ndikapereke kwa mkwatibwi weniweni, ndikamuuze kuti mnzake wa ku China wabweza mwamuna ali wathunthu.

Nditafika kumudzi ndinapita ku Kapondo ndisanamasule n'komwe chikwama. Tiyamike ndinamupeza akuchonga makope a ana pakhonde. Analandira chigubu, anatsegula, analawa chipatso chimodzi.

"Mtedza unakoma?" anafunsa osandiyang'ana.

"Anauyamikira kwambiri," ndinatero.

Yankho limenelo silinali loyenera, ndipo ndinalizindikira lili kale panja. Anatseka chigubu n'kupitiriza kuchonga.

Ankhoswe a mbali zonse anakhala pansi. Anaonera vidiyo ya bambo wadazi uja kangapo, amalume a Tiyamike mpaka anapempha kuti awatumizire. Ndinapereka tambala wachipepeso. A Nabanda anavomera kuti chinkhoswe chichitike, koma anati ndilonjeze pamaso pa onse kuti manja angawa aphunzira mwambo, sadzagwiranso chinthu chimene sanapatsidwe. Ndinalonjeza. Komabe za mumtima mwa Tiyamike zinandisowetsa mtendere mpaka tsiku la chinkhoswe.

Tsikulo linafika. Anthu anadzaza pabwalo la kwawo, a Zulu ndi mlongo wawo anachita kubwera kuchokera ku Chipata, ine ndili mu suti yatsopano. Inafika nthawi ija yobweretsa atsikana ophimbidwa zitenje kuti mwamuna asankhe wake. Anabwera atatu, atafundidwa kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kuima chapatali. Ndisanasunthe, wapakati anatulutsa manja pansi pa chitenje. M'manjamo munali mpira wansalu wofiira, wosokedwa ndi chitenje chimene ndinali nditachionapo pa benchi ya a Nabanda.

Anthu anayamba kuseka. Ine sindinaseke. Ndinayang'ana a Nabanda, ndinawapeza akundiyang'anitsitsa manja ali m'chiuno. Ndinati ndadziwa, awa ndi mayeso. Ndinapititsa manja kumbuyo, ndinagwira lamba wa thalauza mwamphamvu, ndinaluma mano.

Mpira unabwera. Woponyayo sanali wophunzira kumene, unabwera molunjika ndi mwaukali, kundimenya pachifuwa kuti phu, n'kugwa pansi, n'kuyamba kugubuduzika kulowera kumene ankatsukira mbale. Manja anga sanachoke pa lamba. Kwa nthawi yoyamba m'moyo wanga ndinausiya mpira udutse. Ndinayang'ananso a Nabanda monyadira.

Kenako pansi pa chitenje chapakati panatuluka mawu amene ndimawadziwa bwino.

"Wa ku China munachita kuuwulukira, kawiri konse. A Zulu anandiuza. Wanga mukuusiya ugwe pansi?"

Abale, sindikudziwa kuti mtunda umenewo ndinaudutsa bwanji. Ndinauluka ndi suti yomweyo, ndinatera chamimba m'matope a madzi otsukira mbale, thalauza linang'ambika kumbuyo mpaka phokoso kumveka kwa oimba. Koma mpira ndinaugwira, ndinaukumbatira pachifuwa. Unkachita phokoso m'kati, ndipo nditaufinya ndinamva kuti wadzaza ndi mtedza wa makoko. Nthungululu zinaphulika. Tiyamike anadzivundukula yekha osadikira mwambo, akuseka misozi ili mbwee, ndipo ine ndili chigonere m'matopemo ndinalira nawo. Ngakhale a Nabanda anagwira benchi kuti asagwe. Pambuyo pake ndi iwo amene anandibwereka chitenje choti ndimange m'chiuno, ndipo zithunzi zonse za chinkhoswe chathu ndili m'chitenje chimenecho.

Mukandifunsa chimene ndinaphunzirapo, ndinganene kuti munthu uziwerenga zikwangwani za pachipata, ndiponso kamba wopatsidwa ndi mkazi si wopepesera milandu. Zoti manja anaphunzira mwambo, ayi, ndinganame. Pagolo ndikuimabe, ndipo mwezi wathawu ndinawakha mbale imene inaterereka m'manja mwa a Nabanda, iwo n'kunena kuti mwina mkamwiniyu ali ndi ntchito ndithu.

Masiku ano tikapita ku ukwati wa anthu, ikafika nthawi yoti mkwatibwi aponye maluwa, Tiyamike amandigwira dzanja n'kulipanikiza pamwendo pake. Anthu amatisirira, amati taonani chikondi. Ndi chikondi ndithu, sindikukana. Koma mukadzationa mudzayang'anitsitse: amagwira lamanja.